Mmene mungapulumukire pa chilumba: malamulo ndi njira zopambanira masewera a Robinson Crusoe

Anthu ambiri amene ayesapo masewera a pa bolodi a Robinson Crusoe: Adventures on the Cursed Island amagonja koyamba, kachiwiri, kachitatu, kenaka bokosilo n'kulikankhira kunsi kwa bedi. Kagonjedwe kake n'kofanana. Masiku oyamba a m'masewerawa zinthu zimaoneka ngati zikuyenda, koma pofika tsiku la 7 kapena la 8 mvula ndi chisanu zimasesa chakudya ndi nkhuni zonse, mmodzi n'kufa, masewera n'kuthera pomwepo. Tsoka la tsiku la 8 limakhala litafesedwa kale pa masiku atatu oyamba, nthawi imene kumwamba kunali koyera ndipo palibe amene amaganiza za denga.

Masewerawa anawakonza Ignacy Trzewiczek wa ku Poland, ndipo kampani ya Portal Games inawatulutsa mu 2012. Osewera nonse muli mbali imodzi: sitima yanu yasweka, mwatsakamira pa chilumba, ndipo mupambana limodzi kapena kugonja limodzi. Malangizowa ndi a nkhani yoyamba ya m'bokosimo, yotchedwa Castaways, chifukwa ndi imene aliyense amayambira ndipo ndi imene imabweza anthu ambiri.

## Zofunika kukhala nazo

- Bokosi lathunthu la masewerawa: bolodi, zidutswa za chilumba, makhadi, madayisi, tianthu tosewerera ndi timiyala toimira nkhuni, chakudya ndi zikopa.
- Osewera kuyambira mmodzi mpaka 4. Kwa ophunzira, awiri kapena atatu ndiye bwino.
- Tebulo lalikulu, chifukwa kupatula bolodi pamafunika malo a milu ingapo ya makhadi.
- Maola awiri osasokonezedwa, mwinanso atatu ngati n'koyamba.
- Munthu mmodzi woti aziwerenga makhadi mokweza ndi kuwafotokoza, kuti aliyense amve chimene chagwa.
- Kapepala ndi cholembera. Izi mulibe m'bokosi, koma zimathandiza powerengera chakudya ndi nkhuni za mawa.

## Kuyala masewera

Aliyense asankhe munthu wake pakati pa kalipentala, wophika, wofufuza malo ndi msilikali, ndipo atenge tianthu tiwiri ta mtundu wake. Mukakhala awiri mumawonjezera Friday, munthu wothandizira wa m'masewerawa. Wosewera yekha amatenga Friday ndi galu yemwe.

Ikani chidutswa cha gombe pa malo oyambira ndi kuikapo chizindikiro cha msasa. Yalani makhadi 9 a zipangizo zimene zimakhalapo nthawi zonse (moto, mpeni, fosholo, chingwe, njerwa, mphika, mankhwala, mapu ndi damu) ndi ena 5 otola mwachisawawa. Tolani zinthu ziwiri zimene mwapulumuka nazo m'sitima; chilichonse chimagwira ntchito kawiri basi. Mulu wa makhadi a zochitika ukhale ndi makhadi 6 a chizindikiro cha buku ndi 6 a chizindikiro cha funso, osakanizidwa bwino. Khadi la zotsalira za sitima likhale pa malo a zoopseza.

Cholinga chanu n'chimodzi. Pa tsiku la 10, la 11 kapena la 12 sitima ina idutsa pafupi, ndipo ikupezeni muli ndi moto komanso mulu wa nkhuni 15. Wina akafa nthawiyo isanakwane, kapena tsiku la 12 likatha mulibe zinthu ziwirizi, mwagonja nonse. Imfa ya Friday yokha ndiyo siithetsa masewera.

## Mmene tsiku limayendera

Tsiku lililonse lili ndi magawo 6, ndipo satsogozana mwachisawawa.

1. Chochitika. Tembenuzani khadi lapamwamba, chitani zimene lanena, ndipo liikeni pa malo a zoopseza a kumanja. Khadi limene linalipo limasunthira kumanzere, ndipo likakankhidwanso n'kugwa pa bolodi, chilango chake chimakugwerani. Tsiku loyamba gawoli mumalidumpha.
2. Molalo. Wotsogolera tsikulo yekha ndiye amalandira kapena kulipira timakobiri ta khama (togulira luso la munthu wake), malinga ndi pamene molalo, kutanthauza kulimba mtima kwa gulu, uli. Akasowa cholipira amalandira bala pa kakobiri kalikonse kosowako.
3. Zokolola za pamsasa. Mumalandira chinthu chimodzi kuchokera ku gwero lililonse la chidutswa chimene msasa uli. Pa gombe ndi chakudya chimodzi ndi nkhuni imodzi.
4. Ntchito. Nonse mumagawa tianthu tanu nthawi imodzi, kenaka ntchitozo zimachitika motsatana: kuthana ndi choopseza, kusaka, kumanga, kutola, kufufuza malo, kukonza pamsasa, kupuma.
5. Nyengo. Mumaponya madayisi amene pepala la nkhaniyo lalamula pa tsikulo.
6. Usiku. Aliyense amadya chakudya chimodzi, ndipo wogona ndi njala amalandira mabala awiri. Ngati mulibe chisakasa aliyense amalandira bala limodzi. Chakudya chosachedwa kuwola chimene chatsala chimatayidwa, utsogoleri n'kupita kwa wotsatira.

Lamulo limene lanyamula masewera onsewa ndi ili: pomanga, potola ndi pofufuza, tianthu tiwiri pa ntchito imodzi ndiye kuti yatheka popanda kuponya dayisi. Kamunthu kamodzi ndiye kuti muponya madayisi atatu, lina lonena ngati ntchito yatheka, lina ngati mwavulala, lina ngati mutole khadi la zokumana nazo. Ntchito ikakanika mumalandira timakobiri tiwiri ta khama, ndipo nkhuni zimene munaikapo zimabwerera.

Chenjezo: zimene mwapeza pa gawo la ntchito simungazigwiritse ntchito mpaka ntchito zonse za tsikulo zitatha. Nkhuni zotola lero sizimanga lero, ndipo mpeni wosula lero sungakuthandizeni pa ulenje wa lero.

## Njira yopambanira

### 1. Tsiku loyamba, fufuzani malo

Pa chidutswa chimene pali msasa sipatoledwa kanthu, ndiye tsiku loyamba mulibe kokatola. Tumizani anthu kukatsegula zidutswa ziwiri zoyandikana ndi gombe, ndipo wina akatenge chakudya cha pa khadi la zotsalira za sitima lisanakankhidwe. Mukufuna mapiri, chifukwa moto, mpeni ndi nkhwangwa zonse zimadikira mapiri. Mukufunanso chidutswa chokhala ndi gwero la chakudya ndi la nkhuni, kapena chokhala ndi pobisala pachilengedwe. Usiku woyamba mwina mugona panja n'kulandira bala limodzi aliyense. Musadandaule nalo, ndi mtengo wochepa.

Chenjezo: chidutswa chotalikirapo ndi msasa chimafuna kamunthu kena kowonjezera. Musatsegule malo amene simudzatha kumapitako.

### 2. Sankhani pokhala musanayambe kumanga

Msasa umasamuka usiku, kupita pa chidutswa choyandikana. Malo abwino ndi amene azunguliridwa ndi zidutswa zambiri zotsegulidwa, chifukwa gwero lililonse limatoledwa kamodzi pa tsiku, ndipo gulu la anthu atatu silingakhale ndi moyo ndi gwero limodzi la chakudya. Samukani pa usiku woyamba kapena wachiwiri ngati mukuona kuti gombe lakupanikizani.

Chenjezo: mukasamuka mutamanga kale, theka la denga ndi theka la mpanda zimawonongeka. Ngati munamanga pa pobisala pachilengedwe osamanga chisakasa chanuchanu, mumataya denga ndi mpanda wonse.

### 3. Chisakasa, kenaka denga, tsiku la 4 lisanafike

Apa ndi pamene masewera amapambanidwira, choncho tiyeni tikhalepo pang'ono.

Chisakasa, msinkhu umodzi wa denga ndi msinkhu umodzi wa mpanda zili ndi mtengo wofanana. Osewera mmodzi kapena awiri amalipira nkhuni 2 kapena chikopa chimodzi, atatu nkhuni 3 kapena zikopa 2, anayi nkhuni 4 kapena zikopa 3. Simungaphatikize nkhuni ndi zikopa pa malipiro amodzi, ndipo denga ndi mpanda sizimangidwa popanda chisakasa kapena pobisala.

Masiku atatu oyamba kulibe dayisi la nyengo. Kuyambira tsiku la 4 mumaponya dayisi la mvula, ndipo kuyambira tsiku la 7 mumawonjezera la chisanu ndi la zilombo zanjala. Kawerengedwe kake n'kotere. Mtambo uliwonse wa chisanu umadya nkhuni imodzi, denga likhalepo kapena ayi. Kenaka mumaphatikiza mitambo yonse, ya mvula ndi ya chisanu yomwe, n'kuchotserapo msinkhu wa denga. Mtambo uliwonse wotsala umadya nkhuni imodzi ndi chakudya chimodzi. Chilichonse chimene mwalephera kulipira ndi bala limodzi kwa wosewera aliyense.

Taonani mmene zimakhalira pa tebulo. Muli atatu, ndi tsiku la 8, denga lili pa msinkhu woyamba, ndipo muli ndi nkhuni 2 ndi chakudya 4. Madayisi aonetsa mitambo iwiri ya mvula ndi umodzi wa chisanu. Nkhuni imodzi yapita ku chisanu. Mitambo itatu kuchotsera denga limodzi kwatsala iwiri, ndiye mukufunika nkhuni 2 ndi chakudya 2. Nkhuni yatsala imodzi, choncho aliyense walandira bala. Chakudya chatsala 2 pa anthu atatu, ndiye mmodzi agona ndi njala n'kulandira mabala ena awiri. Mabala 5 pa tsiku limodzi, nkhokwe ili mbee, ndipo mawa madayisi omwewo akubweranso. Denga likanakhala pa msinkhu wachitatu mukanataya nkhuni imodzi yokha n'kudya nonse.

N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti nkhuni zoyamba zipite ku chisakasa, zotsatira ku denga. Msinkhu umodzi womangidwa mvula isanayambe ungathe kukupulumutsirani nkhuni ndi chakudya tsiku ndi tsiku, kuyambira la 4 mpaka sitima itafika. Palibe chipangizo china chimene chimabweza zambiri chotero. Lingani kukhala ndi msinkhu umodzi pofika tsiku la 4, iwiri pofika la 6, ndi itatu chisanu chikamayamba. Madayisi awiri a nyengo angathe kubweretsa mitambo 4 nthawi imodzi, koma denga la msinkhu 3 limapirira masiku ambiri.

### 4. Dziwani pogwiritsa ntchito tianthu tiwiri ndi pochita mwayi

Osewera atatu ali ndi tianthu 6. Mukamaika tiwiritiwiri paliponse mugwira ntchito zitatu zokha pa tsiku, ndipo sizikwanira. Mukamaika kamodzikamodzi paliponse mugwira zambiri koma mabala ndi makhadi oipa akumalizani. Madayisiwo safanana ukali. A bulauni, omangira, ndiwo amakanika kwambiri ndi kuvulaza kwambiri. Otuwa, otolera, ndi ofatsa. Obiriwira, ofufuzira, kawirikawiri amatheka koma amakonda kubweretsa khadi la zokumana nazo.

Ndiye potola tumizani kamunthu kamodzi. Pomanga chinthu chimene chiyenera kuima lero lomwe, monga denga mvula ikubwera, ikani tiwiri. Pofufuza onani thanzi la wopitayo. Tianthu ta osewera awiri tikakhala pa ntchito imodzi, gwirizanani amene akutsogolera, chifukwa mabala ndi mphotho zimagwera iyeyo, mnzakeyo ndi wongothandiza.

### 5. Kuzani zokolola za pamsasa

Chimene chimabwera chokha m'mawa uliwonse chimaposa chimene mumachitumira munthu. Nkhwangwa, chimodzi mwa zipangizo za nkhani imeneyi, imawonjezera nkhuni imodzi pa zokolola za pamsasa. Ikamangidwa pa tsiku la 3 idzakhala itabweretsa nkhuni zochuluka pofika la 10. Msampha wa kalipentala umafuna chingwe ndipo umawonjezera chakudya chimodzi. Njira yachidule ya wofufuza imafuna mapu, ndipo imakupatsani chinthu chimodzi kuchokera ku chidutswa choyandikana. Damu limapereka chakudya 2 chosawola, chimene mungasungire tsiku loipa. Amene wamanga chipangizo cha munthu wake amalandiranso timakobiri tiwiri ta khama.

Chenjezo: zipangizo zambiri zimakopa maso. Musanaike kamunthu, funsani ngati chinthucho chikubweretsa chakudya, nkhuni kapena chitetezo. Ngati ayi, chisiyeni.

### 6. Konzekerani zilombo

Dayisi lofiira la zilombo zanjala, loyamba pa tsiku la 7, lingakulandeni chakudya chimodzi, lingagwetse mpanda ndi msinkhu umodzi, kapena kukubweretserani chilombo cha mphamvu 3. Zida zanu zikakhala pa msinkhu 3 chilombocho sichikuchitani kanthu. Zikachepera, aliyense amalandira bala pa msinkhu uliwonse woperewera. Msinkhu umodzi wa zida ndi nkhuni imodzi yokha, mpeni umawonjezera umodzi, ndipo mkondo wa msilikali umawonjezera itatu. Moto, umene mukufunika kale kuti mupambane, umakweza mpanda ndi msinkhu umodzi, choncho musausiyire kumapeto.

Kusaka kumafuna tianthu tiwiri nthawi zonse, ndipo kawirikawiri kumatheka mukapeza chidutswa chokhala ndi chizindikiro cha chilombo. Phindu lake lalikulu ndi chikopa. Kwa osewera awiri chikopa chimodzi ndi msinkhu wathunthu wa denga. Koma musapite chimanjamanja: kusiyana kwa mphamvu ya nyama ndi zida zanu kumasanduka mabala a mlenjeyo, ndipo nyama zina zimawononga zida. Kumbukiraninso kuti nyama yochuluka imawola usiku womwewo ngati mulibe posungira.

### 7. Samalani molalo, ndipo gwiritsani ntchito khama

Pa pepala la munthu aliyense pali timivi m'njira ya mabala. Mukadutsa kamuvi molalo wa gulu umatsika, ndipo ukatsika kwambiri wotsogolera amalipira khama kapena kuvulala, n'kudutsanso kamuvi kena. Dulani mzere umenewu msanga. Kukonza pamsasa kumapereka timakobiri tiwiri ndi kukweza molalo, ngakhale mukakhala anayi mumasankha chimodzi mwa ziwirizi. Kupuma kumachiritsa bala limodzi lokha, choncho n'kwa munthu amene wayandikira imfa.

Khama lisungidwe ndi cholinga, osati kungoliunjika. Wophika angathe kupeza chakudya chimodzi kapena kuchotsa mtambo umodzi wa mvula. Kalipentala angathe kuchepetsa nkhuni imodzi pa mtengo womangira. Msilikali angathe kukweza mpanda kapena zida popanda kutumiza kamunthu. Wofufuza angathe kusuzumira zidutswa za chilumba zisanatsegulidwe, chinthu chofunika kwambiri ngati mapiri akukuzembani. Luso lililonse limagwira kamodzi pa tsiku.

### 8. Makhadi oopseza, sankhani olimbana nawo

Si khadi lililonse loyenera kamunthu. Werengani chilango chake, ndipo yerekezani ndi zimene kamunthuko kakanabweretsa kwina. Lowononga denga kapena gwero la chakudya thanani nalo. Lochotsa kanthu kochepa lisiyeni ligwe. Muli ndi masiku awiri khadi lisanakankhidwe, ndiye si zonse za lero.

### 9. Yambani mulu wa nkhuni pa nthawi yake

Muluwu uli ndi mizere 5: woyamba nkhuni imodzi, wachiwiri 2, mpaka wachisanu 5, zonse pamodzi 15. Pa tsiku mumaloledwa kudzaza mzere umodzi wokha, choncho ngakhale mutakhala ndi nkhuni zochuluka bwanji, mukufunika masiku 5. Amene ayamba pambuyo pa tsiku la 8 wagonja kale. Mizere iwiri yoyamba ndi yotsika mtengo, idzazeni m'masiku a mvula yokha, pakati pa la 4 ndi la 6. Mukatero mizere ikuluikulu imakhala ndi mpata, ndipo mungathe kumaliza pa tsiku la 10 n'kupewa masiku awiri a chisanu.

Chenjezo: nkhuni yoikidwa pa mulu siibwerera. Musakokolole zonse n'kukumana ndi gawo la nyengo mulibe ndi imodzi yomwe. Kuyambira tsiku la 7 siyani ziwiri kapena zitatu za chisanu.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kutola chakudya choposa cha usiku umenewo. Chotsala chimawola. Werengani pakamwa pamene pakudya, wonjezerani chimodzi kapena ziwiri za mvula, tianthu totsala tipite ku nkhuni. Friday ndi galu sadya, ndipo nyengo siiwakhudza.

Kuopa bala lililonse. Mabala a masiku oyamba ndi chuma chimene mungagule nacho nthawi. Nthawi zina n'kwanzeru kuti munthu wathanzi agone ndi njala usiku umodzi kuti tianthu timalize denga. Sankhani amene ali kutali ndi kamuvi ka molalo.

Kusokoneza njala ndi nyengo. Kusowa chakudya usiku kumavulaza wosadyayo yekha. Kusowa cholipira nyengo kumavulaza aliyense, ndipo ngati muli nacho simungakane kulipira kuti musungire usiku.

Kutenga mphatso za makhadi a zokumana nazo osaganiza. Ena amakupatsani chinthu lero, kenaka amalowa mu mulu wa zochitika n'kudzabwera ndi chilango. Werengani mbali yachiwiri ya khadilo musanavomere. Likadzatuluka mumalipira, ndipo mumatembenuzanso khadi lina la chochitika tsiku lomwelo.

Munthu mmodzi kulamula tebulo lonse. Zimachitika kwambiri pamene wina amawadziwa masewerawa kuposa anzake, ndipo zimandipweteka kuona wophunzira atangokhala chete akusunthiridwa tianthu take. Mutu umodzi susenza denga. Wodziwayo awerengere poyera chakudya, nkhuni ndi mitambo imene ikubwera, koma aliyense aike yekha tianthu take. Kawirikawiri wophika ndiye amakumbukira kuti ali ndi khama lokwanira kuchotsa mtambo, pamene wolamulayo maso ali pa mulu wa nkhuni.

Kupitiriza kufufuza malo pamene zofunika zapezeka. Mukapeza mapiri, magwero awiri a chakudya ndi awiri a nkhuni pafupi ndi msasa, chilumba chotsalacho chilibenso ntchito pa nkhani imeneyi.

Kuiwala kuti moto ndi chipangizo chofunika kumanga. Magulu ena amadzaza nkhuni 15 n'kuzindikira pa tsiku la 12 kuti khadi la moto silinatembenuzidwe, kenaka n'kuliikira kamunthu kamodzi n'kuponya dayisi la bulauni. Umangeni ndi tianthu tiwiri mapiri akangopezeka, tsiku la 7 lisanafike.